Nyumba Zopanda Denga za ku Orkney

Ulendo umene ndikufuna kukusimbiraniwu unayambira pakamwa panga, Lamulungu lina masana nditakhuta, m'chaka cha 2006. Ine ndikakhuta, pakamwa panga sipakhala chitseko.

Ndinali ku London, dera la Tottenham, kwa mwana wa mlongo wanga, Esinati, amene ndi nesi kumeneko. Mayi ake atamwalira ndinamulera ndine ku Ntchisi, ndiye kwa iye ndine malume, ndine bambo, ndine mwini mbumba, zonsezo pa dazi limodzi lomweli. Anandiitanitsa pa zifukwa ziwiri: kuti andiikitse mano, ndi kuti ndimuone mwamuna amene ankafuna kumukwatira. Mano anandiika mwezi woyamba. Za mwamunayo ndinazengereza.

Dzina lake ndi Masauso Zulu, wa ku Katete ku Zambia, woyendetsa basi zosanjikiza zija ku Croydon. Munthu wamtali, wofatsa, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka chomeza zilembo chija. Ankhoswe ake anali atabwera kale atavala masuti, ine n'kuwauza kuti ndikuganizabe. Kunena zoona ndinalibe choganiza, munthuyo ndinamukonda tsiku loyamba lomwe. Koma Loweruka lililonse ankabwera ndi kanthu: jekete, chipewa, nsomba zouma za m'sitolo ya pakona. Anandikweza boti ku Greenwich. Ankandinyamulira chikwama, ankandigwadira pa kapeti. Inuyo mukanathamangira chiyani? Ndinkamutcha "a dalaivala," osati "akamwini," ndipo iye ankadziwa kusiyana kwake.

Chinthu chimodzi chinkandikomera kuposa jekete. Masauso sankadya pamaso panga. Kwawo anamulera mwa kale: mwamuna sadya apongozi akuona kufikira atamulandira iwo eni. Esinati akaphika, iye ankatenga mbale n'kukadyera kukhitchini ali chiimire pafupi ndi makina ochapira. Fulatiyo inali yaing'ono moti ndinkamva supuni ikugunda mbale, ine n'kumawerenga.

Lamulungu limenelo tinabwera kuchokera kutchalitchi ndi amayi atatu, anzake a Esinati ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba. Mmodzi wa iwo, Anabanda, sanazungulire.

"Amalume, tiketi yanu ikuti mukwera ndege kumapeto kwa mwezi. Ife nsalu za chinkhoswe tisoketse kapena tisasoketse?"

"Mayi," ndinatero, "kwathu mkamwini amayamba wamanga nyumba. Ine nditakakwatira ndinakhoma chikhomo pansi, kumangako luzi, kulemba mzere wozungulira, kuzika mitengo, kuphoma, kufolera ndekha. Apongozi anga anabwera kudzakankha khoma ndi phewa. Awa amanga chiyani? Ngakhale kakhola ka nkhunda?"

Masauso anasuzumira pakhomo la khitchini, mbale ataibisa kumbuyo.

"Amalume, kuno ngakhale kukhoma musomali bafuna pepala ya kansolo. Koma nyumba yamene mukamba, yozungulila, na bazungu benze nazo. Makolo yao. Munzanga wa ku nchito achoka ku tuzisumbu twa ku Scotland, ananionesa zithunzi. Zozungulila, moto pakati."

Ndinaseka mpaka mano atsopano anasuntha. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma chimodzi ndinachigwira. Kunabwera mzungu wa zaumoyo pa njinga yamoto, n'kutiuza kuti nyumba yozungulira ndi ya anthu amene sanadzukebe. Munthu wotsogola amagona m'ngodya zinayi. Aphunzitsi anatijambulitsa nyumbayo pa sileti sabata yonse. Nditapeza ndalama yoyamba ya fodya ndinagwetsa nyumba yanga yozungulira, yofunda, yosadontha, n'kumanga ya ngodya. Ndiye wina andiuze kuti mzungu anagonapo m'nyumba ngati imene anandigwetsetsa?

"A dalaivala, mukandionetsa nyumba yozungulira yomanga makolo a azungu, ndikaigwire ndi dzanja ili, ndidzati mwamanga ndinu. Amayi awa ndi mboni."

Ine ndinkayesa nthabwala. Masauso sanaseke. Anakapempha holide kuntchito.

Tinanyamuka pakati pa sabata, kukucha. Galimoto anabwereka kwa mkulu wina wa kutchalitchi, yofiira, yakale, yoti ikaima pamaloboti imanjenjemera ngati ili ndi malungo. Esinati anali atangoweruka shifiti ya usiku. Anadziponya kumbuyo, kufunda jekete, tisanakhote n'komwe pakona anali atagona. Kamba yense wa paulendo anamuika kumapazi kwanga kutsogolo: nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, mandasi, mtedza, fulasiki ya tiyi. Pamenepo ndi pamene analakwitsa.

London kutuluka kwake n'kovuta. Umayenda, nyumba. Umayenda, nyumba zomwezo, zofiira, zogwirana m'mapewa. Ndinafunsa ngati a dalaivala sakuzungulira pamodzimodzi. Cha ku Enfield tinadutsa pa siteji ya basi pali anthu akunyowa ndi mvula yowaza.

"A dalaivala, imani. Kumbuyoku kuli malo a anthu awiri, atatu akapanikizana. Petulo atuluka pamenepa."

"Amalume, kuno kulibe matola. Bazanipoka laisensi."

"Ndiye anthuwa azinyowa, ife tikupita komweko?"

"Sitiziba kwamene bayenda."

"Mumafunsa. Tsitsani galasi, ndikuwa ndine."

Anadina kabatani kena kumbali kwake, magalasi onse n'kukhomeka. Ulemu unalipo ndithu, koma kabatani anakadina.

Msewu waukulu wopita kumpoto ndi wosalala, wotakata, koma ndi wosauka. Kuchokera ku London mpaka ku Newcastle sindinaone munthu ngakhale mmodzi wogulitsa tomato, chimanga chootcha kapena mbewa. Palibe mbuzi yodutsa, palibe wapolisi wokuimitsa kuti akufunse za moyo. Anthu amangothamanga ngati kutsogolo kwagwa maliro. Ukafuna kudya umapatukira pa chinyumba cha magalasi, pomwe mtengo wa kapu ya tiyi kwathu ugula nkhuku yamoyo n'kulandira chenji.

Pa chinyumba choyamba ndinazindikira zimene Masauso anakonza mumtima: tikaima azizemba, akadye kuseri. Atangoti, "Nabwela manje manje, amalume," ine ndinali nditatsika kale.

"Ndiperekezeni kuchimbudzi, a dalaivala. Zitseko za kuno zimatseguka zokha, zingandimeze."

Anandiperekeza. Anandidikira. Ndinati ndione mashopu, anandionetsa. Podutsa pamene amagulitsa tchipisi, thupi lake linkapita kutsogolo mphuno zikutsalira kumbuyo. Titabwerera m'galimoto ndinatsegula nkhuku.

"Tengani ntchafu iyi."

"Nadya kudala, amalume."

"Mwadya liti?"

"Kuseni-seni, tisananyamuke."

"Chabwino. Musadzati sindinakupatseni."

Kupatsa kotero iye ankakudziwa kuti ndi msampha: akanalandira ndikanati alibe mwambo. Ntchafuyo ndinadya ndekha pang'onopang'ono, mano atsopano akugwira ntchito imene anagulidwira.

Malire a Scotland ndinawakonzekera. Ine ndinawolokapo pa Mchinji, ndimadziwa: mzere, chidindo, ndi munthu wa yunifolomu wokuyang'ana ngati unaba mbuzi yake. Ndinatulutsa pasipoti m'thumba lamkati, kuvula chipewa, kupesa ndevu ndi zala. Tinadutsa chikwangwani chabuluu ndi mbendera ikukupiza.

"Tangena, amalume. Iyi ni Scotland."

"Chidindo?"

"Kulibe."

"Bwererani. Ine sindilowa m'dziko la eni ngati fisi."

Esinati anayankha ali chigonere. "Amalume, mfumukazi ndi yomweyo. Bwezani pasipoti ingatayike."

Mpaka lero pasipoti yanga ilibe umboni woti ndinafikako. N'chifukwa chake ndikulemba.

Tinagona ku Perth, m'nyumba ya alendo ya mayi wina wolankhula Chingerezi choti ngakhale Esinati ankangoyankha ndi mano. Zipinda zinali ziwiri. Mayiyo anapereka kiyi imodzi kwa Masauso ndi Esinati, ina kwa ine. Ndinasinthanitsa makiyiwo iye akuona. Choncho Masauso anagona pa bedi loyandikana ndi langa, ndipo mwayi wodyera m'chipinda unathera pomwepo. M'mawa ndinamva mpopi wa kubafa ukutaya madzi nthawi yaitali, ndipo pansi pa phokoso la madziwo kapepala ka mabisiketi kakulira. Ndinagogoda.

"A dalaivala, muli makoswe mmenemo?"

Kapepala kanaleka kulira. Kenaka, "Nisamba, amalume."

Anatuluka tsitsi lili louma, nyenyeswa zili pa kolala.

Chakudya cham'mawa mayi uja anayala pa tebulo limodzi: mazira, soseji, nyemba zotsekemera, ndi chinthu china chakuda chimene anati ndi magazi. Masauso anati akaone oilo wa galimoto. Anamuona oiloyo mpaka ine ndinamaliza mbale yanga ndi yake.

Kupitirira Pitlochry dziko limasanduka mapiri opanda mudzi, nkhosa zokhazokha zopakidwa penti kumsana. Apa Esinati anayamba kachinyengo. Akaona ndatsinzina, ankadutsitsa switi pakati pa mpando ndi chitseko. Ine ndinkadikira switiyo ifike pakamwa, n'kutsokomola. Masauso ankaisunga m'tsaya osatafuna, tsaya lili tu ngati la pusi, kufikira nditatsinzinanso.

Pamwamba pa phiri lina tinamva gwa, kenaka chinthu chikukwekwereza pansi, galimoto n'kuyamba kulira ngati chigayo. Paipi ya utsi inali itathothoka. Apa ndinati nthawi yanga yakwana. Sutikesi yanga ndimamanga ndi malegeni a chubu cha njinga kuyambira kale. Ndinamasula, kugona chagada pa msewu wa mfumukazi, kumanga paipiyo zolimba. Masauso anayamba kunena kanthu za kutentha, koma ulemu unamutseka pakamwa. Tinayenda mtunda woti munthu angaimbe vesi imodzi ya nyimbo. Kenaka fungo, utsi wakuda, gwa. Mphirayo inali itasungunuka n'kumatirira kunsi kwa galimoto ya eni ake.

"Mphira za masiku ano," ndinatero.

Foni inalibe netiweki. Masauso anakwera phiri ataikweza m'mwamba ngati akuipereka nsembe, kuti aimbire makaniko. Ife tinatsala m'mbali mwa msewu ndi tizilombo ta kumeneko, tating'ono kuposa udzudzu, tosalira, tobwera ngati utsi. Tinalowa m'makutu, m'ndevu, pa dazi. Tinathawira m'galimoto n'kutseka magalasi, ndipo mmenemo ndi mmene Esinati anandipeza ndilibe kothawira.

"Amalume, tandiyang'anani."

"Ndikukanda, mwanawe."

"Munthu uja wayendetsa kuchokera dzulo ndi mabisiketi ndi maswiti. Holide yake ya chaka chonse ndi imeneyi. Inu mukuseka."

"Kodi ndamuletsa kudya ine? Ntchafu ndinamupatsa."

"Mukudziwa chimene akudikira." Anapukuta galasi ndi dzanja n'kuyang'ana kuphiri, kumene Masauso ankaoneka ngati kadontho. "Ofesi ya kansolo ili pafupi ndi pomwe ndimakwerera basi. Amamangitsa ukwati munthu ali pa buleki ya nkhomaliro. Anzanga ambiri anatero. Ine ndakhala ndikukana chifukwa amayi anandisiya m'manja mwanu, ndipo ndimafuna mawuwo atuluke pakamwa panu. Koma zaka zanga si za mtsikana, amalume. Mukakwera ndege osanena kanthu, ndipita ku kansoloko. Feteleza ndizikugulirani ngati kale. Koma ku Ntchisi sindingabwere ndi mwamuna amene simunamulandire, ndipo sindingabwerenso ndekha."

Sanakweze mawu. Mayi ake ankateronso: akakwiya kwenikweni ankalankhula ngati akufunsa mtengo wa mchere. Ndinasaka nthabwala m'matumba onse, sindinaipeze.

"Tikaone kaye nyumbazo," ndinatero.

Ndikanatani? Ndinali nditalankhula pamaso pa mboni zitatu, ndipo Anabanda si munthu wosunga nkhani. Ndinali nditadzikweza ndekha padenga, tsopano ndinkafuna makwerero otsikira. Kuyambira paphiri pamenepo, ine amene ndinanyamuka ku London kuti ndikagwire munthu bodza, ndinayamba kupemphera chamumtima kuti nyumbazo zikhaledi zozungulira.

Makaniko anafika dzuwa litapendeka, bambo wa ndevu zofiira. Analowa kunsi, kununkhiza, kutuluka, n'kufunsa kuti wamanga paipi yamoto ndi mphira ndani. Chingerezi chimenecho ndinachimva ngakhale ine. Ndinayang'ana nkhosa.

"Ndine," anatero Masauso m'Chingerezi, n'kulandira kuseka konse kwa bamboyo yekha.

Ku Inverness tinangodutsa. Kuchokera pamenepo msewu umachepa, umakwera, umatsika, nyanja ili kudzanja lamanja, mayina a midzi oti lilime limafuna mafuta. Tinafika padoko la Scrabster sitima ya pamadzi ikutionetsa msana. Inali yomaliza tsikulo. Tinabwerera ku tauni yapafupi, Thurso, kukasaka pogona. Madzulo amenewo ndinachita chifundo: ndinati mwendo ukundipweteka, a dalaivala apite okha kokaona oilo. Anapita mothamanga. Anabwera pang'onopang'ono, manja ali m'matumba. Dzuwa la kumeneko m'mwezi wa Juni silidziwa kwawo, limangoyendayenda kumwamba. Iye ankayesa kudakali masana, pamene eni masitolo anali atatseka kalekale n'kukagona.

M'mawa tinaima pamzere wa magalimoto padoko, mphepo ikugwedeza galimoto yonse. Mtengo wokwezera galimoto unaposa wa munthu. Ndinati popeza iyo ndi imene yatichedwetsa, ilipire yokha. Podikira ndinamaliza mazira otsala, poopa kuti angaonongeke. Kenaka sitimayo inatsegula kukamwa n'kutimeza ndi galimoto yomwe.

Kupatula kaboti ka ku Greenwich kaja, madzi aakulu amene ine ndinawolokapo ndi Bua, pa mlatho. M'sitimamo ndinakhala moyang'anana ndi gogo wina wa pachilumbapo, akuluka juzi, kagalu kali kumapazi. Anandiyang'ana n'kunditambasulira switi ya jinja, akuti imathandiza m'mimba.

"Esinati, auze kuti ine ndinakwera pamwamba pa mabelo a fodya pa lole, msewu wa fumbi, kuchokera ku Ntchisi mpaka ku Kanengo. Switi apatse galu."

Esinati anamasulira zina, zaulemu. Gogoyo anangobweza switi m'thumba n'kupitiriza kuluka.

Titatuluka padoko, pansi panayamba kukwera. Panakwera, panakwera, kenaka panachoka osatsanzika. Galu sanadzuke n'komwe. Ine ndinaimirira kuti ndikaone kunja, mwaulemu wanga, koma mapazi anathamanga okha. Kuchitsulo cha m'mphepete ndinabweza zonse: mazira a padoko, soseji za ku Perth, za mbale yanga ndi za mbale ya eni ake, mpaka ntchafu ija ya msampha ndikukhulupirira inatuluka. Wina anandigwira lamba kumbuyo kuti ndisatsatire. Ndiye pa funde lina lalikulu mano aja, ogulidwa ndi mashifiti ausiku a Esinati, anatuluka nawo limodzi. Ndinawaona ndi maso anga akupita kunyanja akumwetulira. Dzanja lalitali linadutsa pa phewa langa n'kuwawakha m'malere.

Masauso anawakulunga m'kampango n'kuwaika m'thumba la malaya, pamtima.

"Nizasunga, amalume. Silizani chabe."

Iye sanasanze. Analibe chosanza. Anandipukuta ndevu, kundibweza pampando ngati mwana wodwala. Gogo uja, osakweza maso pa juzi yake, anatambasulanso switi ija. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuimung'unya ndi usinini.

Tinatsikira ku Stromness, pa chilumba chachikulu cha Orkney. Nyumba za m'tauniyo zinali za miyala, zonse za ngodya. Titatuluka m'tauni mtima wanga unagwa: dziko lonse linali udzu waufupi, ng'ombe ndi mphepo. Mtengo kunalibe. Ine ndamangapo nyumba, ndimadziwa: popanda mitengo yozika, popanda phaso, nyumba yozungulira uiyamba bwanji? Ndinati mnzake wa Masauso anamunamiza, ndipo ine ndataya mwana chifukwa cha zithunzi za munthu wosamudziwa.

Malowo amawatcha Skara Brae, m'mbali mwenimweni mwa nyanja. Mayi wina wolondolera alendo, wa jekete lalikulu, anatiuza kudzera mwa Esinati kuti mudziwo ndi wa zaka pafupifupi zikwi zisanu, kuti mchenga unaukwirira, anthu n'kuuiwala, mpaka namondwe wina anadzaufukula. Tinayenda pa kanjira ka pamwamba, pakuti nyumbazo zili pansi, umazisuzumira ngati nkhokwe yovundukula.

Ndinasuzumira.

Eni mudziwo analibe mitengo, ndiye anasanja miyala yafulati, wina pamwamba pa unzake, popanda simenti. Kunena chilungamo, wolemba mzere wake luzi linkamuthawa pang'ono. Sizinazungulire bwino ngati yanga ija. Koma ngodya panalibe. Khoma linkangokhota, kukhota, mpaka kukakumana lokha. Pakati penipeni panali pamoto. Bedi la mwala uku, lina uku. Khomo lalifupi loti ulowe chowerama, mphepo itsale kunja, mlendo alowe ndi ulemu afune asafune. Pansi panali mwala wopererapo, wokumbika pakati ndi manja a mayi wina. Ndipo moyang'anana ndi khomo panali shelefu ya miyala, pamalo poti wolowa aliyense ayambe waona pamenepo. Malemu mkazi wanga ankaika mbale zake zamaluwa pamalo omwewo, moyang'anana ndi khomo, mbale zosadyera munthu.

Ndinavula chipewa. Pa bwinja la eni sufika ngati mbuzi. Ndinaomba m'manja.

"Odi, eni mudzi. Ndife alendo, tikungodutsa."

Azungu ojambula zithunzi anacheuka. Mayi wa jekete anafunsa Esinati kuti nkhalambayi ikuti chiyani, ndipo atamva anagwedeza mutu, akuti iyenso amawapatsa moni m'mawa uliwonse akamatsegula, koma chamumtima. Ine ndinkaganiza za mzungu uja wa njinga yamoto. Kaya sankadziwa kumene agogo ake ankagona, kaya ankadziwa bwino lomwe.

Masauso anaima pambali panga, milomo itauma, maso ali psuu.

"Mwaona, amalume?"

Ndinafuna kunena kuti eya. Mawuwo anali pa lilime. Koma pakamwa panga, ngakhale popanda mano, ndi pomwe paja.

"Makoma ndaona, a dalaivala. Denga lili kuti? Chopanda denga kwathu timati khola."

Esinati anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kumene tinasiya galimoto. Sanathamange. Akanathamanga ndikanadziwa kuti abwerera.

Masauso anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anagwada pa kanjira konyowako, azungu akuona.

"Amalume, denga siikhala kopanda mukamwini. Chaka na chaka afunika akwelepo, afolele. Apa bakamwini banasila, banafa bonse, ndiye denga inagwa. Imwe muli na nyumba ku Ntchisi. Mufuna ikhale monga izi?"

Aka kanali koyamba kundiyankha chotero. Njala imaphunzitsa munthu kulankhula. Ndipo makwerero amene ndinkawafuna aja anali amenewa.

"Thamangani mukamutenge," ndinatero. "Ine ndikakuwa wopanda mano, abwera ndi galu wa eni."

Mvula inafika chammbali, kuchokera kunyanja, ngati wina akutikapiza ndi ndowa. Pafupi ndi polowera anamanga nyumba ina yatsopano yofanizira zakalezo, yofolera ndi zikopa, yoti alendo azilowamo n'kugwira, popeza zenizenizo salola kukhudza. Tinathawira mmenemo tonse atatu, chowerama, Masauso atagunda mutu pakhomo. Esinati anakhala kutali nane, nkhope itayang'ana kukhoma.

Ndinagwira khomalo ndi dzanja lomwe ndinalonjeza lija. Kenaka ndinayang'ana uku ndi uku. Chipinda chinali chimodzi. Munalibe khitchini ya chitseko, munalibe bafa la mpopi, kunja kunalibe oilo wokaona, kunali mphepo yokhayokha yoti ingakunyamule. Mkamwini wa pamudzi uno akanati azidikira apongozi achoke kuti adye, akanamuika m'manda mwezi woyamba.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi la mwala.

"Mano anga."

Anatulutsa kampango. Ndinawapukuta, kuwaika. Mawu ena sanenedwa ndi usinini. M'thumba la jekete, lomwe anandigulira yekha lija, munatsala ndasi limodzi, lophwanyika, loyenda kuchokera ku Tottenham. Ndinalinyema pakati. Ndinagwira dzanja lake, lomwe linawakha mano lija, kulitambasula ndekha, n'kuikamo theka.

"Idyani, akamwini."

Esinati anacheuka. Masauso anayang'ana ndasi, anayang'ana Esinati, kenaka mwa chizolowezi anayamba kutembenuka kuti andipatse msana. Ndinamubweza ndi phewa.

"Mukupita kuti? Muno mulibe ngodya."

Anadya. Ine ndinadya theka langa. Tinatafuna tikuyang'anana, ndasi louma ngati chikopa cha padengapo, ndipo Esinati anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, kaya kunali kuseka kaya kulira, sindinafunse.

Mayi wa jekete anasuzumira pakhomo n'kunena mwaulemu kuti muno saloleza chakudya.

"Muuze kuti si chakudya ichi," ndinatero. "Ndi ukwati."

Ulendo uno Esinati anamasulira zonse, osachotsako. Mayiyo anatiyang'ana mmodzimmodzi, anayang'ana tsaya la Masauso, n'kunena kuti akukaona kaye ngati mvula yakata, ndipo achedwako pang'ono.

Za pobwerera ndilibe zambiri. Masauso anadya kuchokera ku Stromness mpaka ku Tottenham: nsomba, tchipisi, mapayi, magazi akuda aja, ndi mtedza wanga womwe, pamaso panga, akundifunsa ngati ndatsiriza mbale yanga. Pa sitima ndinalandira switi ya jinja tisananyamuke, mano ali kale m'thumba mwa akamwini. Anabanda anasoketsa nsalu, chinkhoswe tinachitira mu holo ya tchalitchi ine ndisanakwere ndege. Majekete a Loweruka aja anatha pomwepo, monga ndinkaopera.

Nditafika ku Ntchisi ndinapita kuseri kwa nyumba yanga ya ngodya zinayi, kukhoma chikhomo pansi, kumangako luzi, kulemba mzere. Dzanja silinaiwale. Mitengo ndazika, kuphoma ndaphoma, shelefu ndaika moyang'anana ndi khomo, mbale zamaluwa zija zikudikira. Denga ndasiya dala. A Zulu akubwera ndi Esinati mvula isanagwe, udzu ndamweta kale, tione ngati munthu woyendetsa basi yosanjikiza angakwere pa phaso.

Anthu odutsa amaima n'kumafunsa ngati nkhalambayi yabwerako ku London ndi mutu wake wonse: kubwerera ku nyumba zachikale, yopandanso denga. Ndimawauza kuti vuto lawo n'kusayenda. Imeneyi ndi nyumba yachizungu.